Nambala payokha si muyezo: mmene mita, lita ndi kilogalamu zimagwirira ntchito

Munthu akalemba kuti waya wake ndi wotalika 12, sananene kanthu. Mamita 12, masentimita 12 kapena mafiti 12? Zotsatira za kuyeza kulikonse zimafunika zinthu zitatu: nambala, muyezo umene nambalayo ikuwerenga, komanso kudziwa kuti nambalayo ingaphonye ndi zochuluka bwanji. Chachiwiricho anthu amachiiwala kawirikawiri, chachitatucho ambiri sachiganizira n'komwe, ndipo zolakwika zambiri zimachokera pa ziwirizi. Chipangizo choyezera nthawi zambiri chimangonamiziridwa.

Kuyeza ndi kuyerekeza chinthu ndi chinzake chimene anthu anagwirizana kale. Mukaika rula papepala n'kupeza masentimita 21, mukunena kuti kautali kotchedwa sentimita kakukwanamo maulendo 21. Ndiye anakhazikitsa kautaliko ndani, ndipo zimatheka bwanji kuti sentimita ya pa rula yopangidwa ku Japan ifanane ndi ya pa rula yopangidwa ku Brazil?

Kumene miyezoyi inachokera

Kale anthu ankayeza ndi thupi: phazi, mkono, chikhatho. Koma mikono ya anthu sifanana, ndipo ku France m'zaka za m'ma 1700 muyezo wa dzina limodzi unkasiyana malinga ndi tauni. Mu 1791 asayansi a dzikolo anagwirizana zotenga muyezo pa dziko lapansi lenilenilo, chinthu chimene mfumu kapena wamalonda sangachisinthe. Anati mtunda wochokera ku North Pole kukafika pa ikweta, kudutsa mumzinda wa Paris, ugawidwe m'zigawo 10 miliyoni, ndipo chigawo chimodzi chikhale mita. Akatswiri awiri a zakuthambo, Jean-Baptiste Delambre ndi Pierre Méchain, anayeza mtunda wapakati pa Dunkirk ndi Barcelona kuyambira 1792 mpaka 1798 kuti powerengetsera apeze mtunda wonsewo. Mu 1799 kunasulidwa ndodo ya platinamu yotalika mita imodzi. Pambuyo pake zinadziwika kuti ndodoyo inaperewera ndi mamilimita pafupifupi 0.2, koma sanaisinthe, ndipo anachita bwino. Phindu la muyezo lagona pakuti onse akuugwiritsa ntchito mofanana, osati pakuti ukugwirizana ndendende ndi dziko.

Pa 20 May 1875 mayiko 17 anasaina pangano ku Paris n'kukhazikitsa bungwe losunga miyezo la BIPM, limene lili ku Sèvres mpaka pano. Mu 1889 kunavomerezedwa ndodo yatsopano ya mita pamodzi ndi kachitsulo ka kilogalamu, kooneka ngati kachitini, kotalika mamilimita 39 ndipo m'mimba mwake mamilimita 39 omwewo, kopangidwa ndi platinamu 90 peresenti ndi iridium 10 peresenti. Kwa zaka 130 kachitsulo kameneka ndi kamene kanali kilogalamu. Mayiko analandira tizitsulo tofanana nako, ndipo atatibweza kuti tiyerekezedwe, zinaoneka kuti patatha zaka pafupifupi 100 tinali titasiyana ndi koyambako ndi ma microgalamu pafupifupi 50 (microgalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a galamu). N'zochepa zedi, koma mfundo yake inali yovuta: kachitsuloko sikakanalakwa, poti ndi komwe kanali lamulo. Kakanapepuka, ndiye kuti pamapepala zinthu zonse padziko zikanalemera.

Masiku ano palibe muyezo umene ukudalira chinthu chotsekeredwa m'kabati. Kuyambira 1967, sekondi ndi nthawi imene mafunde ena ochokera ku atomu ya caesium-133 amagwedezeka maulendo 9,192,631,770. Kuyambira 1983, mita ndi mtunda umene kuwala kumayenda m'malo opanda mpweya pa gawo limodzi mwa magawo 299,792,458 a sekondi. Kilogalamu inatsalira mpaka pa 20 May 2019, pamene inayamba kudalira nambala yosasintha ya m'chilengedwe yotchedwa Planck constant. Kuchokera pamenepo muyezo umatsika mopatsirana: labotale yaikulu ya dziko imayeza zipangizo za malabotale ang'onoang'ono, amenewa amayeza za m'mafakitale, ndipo fakitale imadinda mizere pa rula yanu. Kupatsirana kulikonse kumawonjezera kakuphonya pang'ono. Rula yapulasitiki musaikhulupirire kupitirira theka la milimita.

Dongosolo lonseli linapatsidwa dzina lakuti SI mu 1960, ndipo lili ndi miyezo 7 yoyambira: mita, kilogalamu, sekondi, ampere ya magetsi oyenda mu waya, kelvin ya kutentha, mole ya kuchuluka kwa maatomu kapena mamolekyu, ndi candela ya kuwala. Ina yonse imapezeka pochulukitsa kapena kugawa imeneyi. Liwiro ndi mamita pa sekondi. Newton ndi mphamvu imene imawonjezera liwiro la chinthu cha kilogalamu imodzi ndi mita imodzi pa sekondi, sekondi iliyonse. Mukakankha chinthu ndi newton imodzi mtunda wa mita imodzi mwagwiritsa ntchito joule imodzi, ndipo joule imodzi pa sekondi ndiyo watt. Babu la mawati 10 likayaka maola 100 latha kilowatt-hour imodzi, yomwe ndi ma joule 3.6 miliyoni.

Makumi, ndi misampha yake

Ubwino wa dongosololi ndi wakuti zonse zimayenda m'makumi. Kilo kutsogolo kwa dzina ndi kuchulukitsa ndi 1,000, mega ndi 1 miliyoni, giga ndi 1 biliyoni. Senti ndi kugawa ndi 100, mili ndi 1,000, micro ndi 1 miliyoni, nano ndi 1 biliyoni. Kusintha n'kungosuntha kadontho: makilomita 2.5 ndi mamita 2,500, magalamu 750 ndi makilogalamu 0.75. Musanasunthe, dzifunseni ngati nambala iyenera kukula kapena kuchepa. Mukamapita ku muyezo waung'ono, nambala imakula.

Zizindikiro nazo zili ndi malamulo, ndipo si ongokometsera. Chilembo chaching'ono m ndi mili, chachikulu M ndi mega, choncho mW ndi MW zimasiyana maulendo 1 biliyoni. Kilo amalemba ndi k chaching'ono, monga kg ndi km, pamene K chachikulu ndi kelvin. Chizindikiro cha micro, µ, chikalembedwa pamanja chimaoneka ngati m, ndipo pa mankhwala zimenezi zingachititse kuti munthu alandire mlingo wochuluka maulendo 1,000. N'chifukwa chake azachipatala amalangizidwa kulemba liwu lonse. Lembaninso 0.5 osati .5, chifukwa kadontho kakafufutika theka lasanduka 5. Ndipo pepala likachokera ku France kapena ku Germany, kumbukirani kuti kumeneko amagwiritsa ntchito chizindikiro cha koma (,) m'malo mwa kadontho, moti 1,500 kg ingatanthauze kilogalamu imodzi ndi theka.

Msampha umene umakola anthu ambiri uli pa kukula kwa malo ndi kuchuluka kwa zamkati. Mita ili ndi masentimita 100, koma sikweya mita ili ndi masikweya sentimita 10,000, poti ndi 100 mulitali kuchulukitsa ndi 100 mulifupi. Kyubiki mita ili ndi makyubiki sentimita 1,000,000. Amene amangochulukitsa ndi 100 paliponse amaphonya kutali. Njira yosasocheretsa ndi kusintha mbali iliyonse kukhala mamita musanachulukitse. Thailo ya masentimita 30 mbali zonse ndi 0.3 kuchulukitsa ndi 0.3, kutanthauza masikweya mita 0.09. Chipinda cha mamita 4 mulitali ndi 3 mulifupi chili ndi masikweya mita 12, ndipo 12 kugawa ndi 0.09 ndi matailosi 134, osawerengera odula ndi osweka.

Lita ndi zamkati mwa bokosi la masentimita 10 mulitali, mulifupi ndi msinkhu, kutanthauza makyubiki sentimita 1,000. Choncho mililita imodzi ndi kyubiki sentimita imodzi, ndipo kyubiki mita ndi malita 1,000. Lita ya madzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, magalamu 998 pa madigiri 20 a Celsius. Apa ndi pamene miyezo itatu imakumana mothandiza kwambiri. Thanki ya mamita 2 mulitali, 1.5 mulifupi ndi 1 kuya imalowa makyubiki mita 3, omwe ndi malita 3,000, omwe ndi matani 3 amene choikapo thankiyo chiyenera kuwasenza. Mvula ya milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita iliyonse, choncho denga lophimba masikweya mita 60 limalandira malita 1,200 pa mvula ya mamilimita 20, ndipo hekitala, yomwe ndi masikweya mita 10,000, imalandira malita 200,000. Koma zimenezi ndi za madzi okha. Lita ya petulo imalemera magalamu pafupifupi 750, ya mercury imaposa makilogalamu 13.5.

Miyezo yakale siinathe. Inchi ndi mamilimita 25.4 ndendende, paundi ndi magalamu pafupifupi 454, mailo ndi mamita 1,609, ekala ndi masikweya mita pafupifupi 4,047. Galoni ndiye ilipo mitundu iwiri: ya ku America ndi malita 3.785, ya ku Britain ndi malita 4.546. Ngozi imabwera pamene miyezo ya mitundu iwiri yakumana pa ntchito imodzi. Pa 23 July 1983 ndege ya Air Canada ya mtundu wa Boeing 767 inkachoka ku Montreal kupita ku Edmonton. Mageji ake a mafuta sankagwira ntchito, choncho mafuta anayezedwa pamanja n'kupezeka malita 7,682, pamene ulendowo unkafuna makilogalamu 22,300. Posintha malita kuti akhale makilogalamu anachulukitsa ndi 1.77, nambala imene anaizolowera. Koma 1.77 ndi mapaundi pa lita. Makilogalamu pa lita ndi pafupifupi 0.8. Anapeza 13,597 n'kuyesa ndi makilogalamu, chikhalirecho m'matanki munali makilogalamu pafupifupi 6,170 okha. Anathira malita 4,917 m'malo mwa malita pafupifupi 20,000. Injini zonse ziwiri zinazima ili m'mwamba, ndipo oyendetsa anaitera pabwalo lakale la ndege za asilikali ku Gimli, ku Manitoba, popanda womwalira. Mu September 1999 bungwe la ku America loona za kuthambo la NASA linataya chombo chopita ku Mars chotchedwa Mars Climate Orbiter pa vuto lofanana: pulogalamu ina ya kompyuta inkapereka mphamvu m'mapaundi, ina inkaiwerenga ngati ma newton, kusiyana kwa maulendo 4.45.

Mankhwala ake ndi kulemba muyezo pambali pa nambala iliyonse powerengetsera, n'kuona umene watsala kumapeto. Malita kuchulukitsa ndi mapaundi pa lita, malita amafafanizika, otsala ndi mapaundi. Chimodzimodzi makilomita 72 pa ola: mamita 72,000 kugawa ndi masekondi 3,600 ndi mamita 20 pa sekondi.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokonezedwa pa sikelo. Kilogalamu imayeza kuchuluka kwa zimene zapanga chinthu, ndipo sikusintha kulikonse kumene chinthucho chingapite. Mphamvu imene dziko limakokera chinthucho pansi imayezedwa m'ma newton. Munthu wa makilogalamu 60 amakokedwa ndi ma newton pafupifupi 589 padziko pano, koma pafupifupi 97 pa mwezi, ali ndi makilogalamu 60 omwewo. Sikelo ya sipuling'i ndi ya batire zimamva kukokako n'kukusandutsa makilogalamu. Poti dziko limakoka mochepera pang'ono pa ikweta, ma newton 9.78 pa kilogalamu, kusiyana ndi 9.83 ku North Pole, sikelo ya mu labotale ikasamutsidwa mtunda wautali imayenera kuchunidwanso ndi chitsulo chodziwika kulemera kwake. Sikelo ya mbale ziwiri ilibe vuto limeneli, chifukwa mbali zonse zimakokedwa mofanana.

Pa kutentha, kelvin imayambira pa kuzizira kotheratu, madigiri 273.15 pansi pa ziro wa Celsius. Choncho madigiri 20 si kutentha kowirikiza kawiri madigiri 10: ndi ma kelvin 293 ndi 283. Kuchoka ku madigiri a Fahrenheit kupita ku a Celsius, chotsani 32, chulukitsani ndi 5, gawani ndi 9: 98.6 imakhala 37.

Dzanja, diso ndi chipangizo

Pa rula, mapeto ndi amene amaperepeseka, ndipo marula ambiri ziro wake sayambira pamphepete. Yambirani pa mzere wa sentimita 1 kapena 10, kenako muchotsere. Diso likhale pamwamba penipeni pa mzere umene mukuwerenga. Mukayang'ana chammbali pa rula yochindikala mutha kuphonya ndi milimita yathunthu. Kambedza ka kumapeto kwa tepi yachitsulo kamagwedera dala, musakakhome. Kamasuntha mofanana ndi kuchindikala kwake kuti ziro akhale wolondola kaya mwakakola kunja kwa thabwa kapena mwakagunditsa pakhoma. Tepi yachitsulo imadindidwa kuti ilondole pa madigiri 20, ndipo mita iliyonse imatalika ndi mamilimita pafupifupi 0.012 pa digiri iliyonse yowonjezera. Tepi ya mamita 30 ikatentha kufika madigiri 35 imatalika ndi mamilimita 5, n'kumaonetsa mtunda wochepa kusiyana ndi weniweni. Ikalendewera pakati imachita zosiyana, imaonetsa wochuluka.

Pa zinthu zazing'ono pamafunika vernier caliper, chipangizo cha milomo iwiri yopanira chinthu, chokhala ndi mizere yaikulu ngati ya rula ndi ina yosuntha. Pukutani milomo yake, itsekeni, muone ngati ziro wa mizere yosuntha wakumana ndi ziro wa mizere yaikulu. Kenako panani chinthucho mosafinya. Werengani mamilimita athunthu amene ziro wosunthayo wawadutsa, tinene 23. Ndiye fufuzani mzere wa pa mbali yosuntha umene walunjikana bwinobwino ndi mzere wa pamwamba pake. Pa caliper ya mizere 10, ukakhala wa nambala 7, mwapeza mamilimita 23.7. Ngati itatsekedwa inkaonetsa kale 0.2, chotsani, yankho ndi 23.5. Micrometer, chipangizo chopanira chinthu pozungulitsa chogwirira chake, imafika pa mamilimita 0.01: kuzungulira kumodzi ndi theka la milimita, logawidwa m'mizere 50. Itsekeni ndi kachitsulo kakumapeto kamene kamalira kuti kete kete, chifukwa mukamanga ndi mphamvu ya dzanja mumafinya chinthucho. Cholakwika chofala pa micrometer ndi kusaona mzere wa theka, n'kuwerenga 5.23 pamene ndi 5.73.

Madzi mu silinda yoyezera amakwera pang'ono m'mbali mwa galasi, pakati n'kulowa. Ikani silindayo patebulo losapendekeka, tsitsani mutu kuti diso lifanane ndi madziwo, muwerenge pansi pa kulowako. Sankhani silinda yaing'ono kwambiri imene zinthuzo zingakwanemo: mamililita 8 ayezedwe mu silinda ya mamililita 10, osati ya 500, imene mzere wake umodzi ungakhale mamililita 5. Pa mankhwala akumwa amadzi mfundo ndi yomweyo. Botolo likalembedwa 125 mg pa 5 mL, mililita iliyonse ili ndi mamiligalamu 25, ndipo amene walemberedwa mamiligalamu 200 amafunika mamililita 8. Ayezedwe ndi sirinji kapena kakapu kobwera ndi botololo, poti masupuni a m'nyumba sakhala ofanana.

Sikelo ya batire ikhale pamalo olimba, osapendekeka, opanda mphepo. Ikani chotengera chopanda kanthu, bwezerani pa ziro, kenako thirani. Chinthu chotentha chidikire chizizire, chifukwa mpweya wokwera kuchokera pa icho umasokoneza sikelo yomva kwambiri. Choyezera kutentha mutha kuchiyesa mu kapu yodzaza madzi oundana ophwanyaphwanya, othira madzi pang'ono: takasani, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, chionetse 0. Madzi owira si odalirika pa ntchito imeneyi, chifukwa amawira pa madigiri 100 pamalo otsika ofanana ndi nyanja yaikulu pokha. Pamalo okwera mamita 1,500 amawira pa madigiri pafupifupi 95.

Ngakhale mutachita zonsezi, kuphonya kumakhalapo, ndipo kuli mitundu iwiri yofuna mankhwala osiyana. Mtundu woyamba umagwera uku ndi uku. Mukayeza nthawi ya chinthu chimodzi kasanu n'kupeza masekondi 12.3, 12.5, 12.4, 12.4 ndi 12.6, avereji yake ndi 12.44, ndipo kumwazikanako kukusonyeza kuti mulembe 12.4 ± 0.2. Kubwereza kumachepetsa vutoli. Mtundu wachiwiri umakankhira mbali imodzi nthawi zonse, monga sikelo imene imawonjezera magalamu 20 pa chilichonse. Mutayeza ka 100 mudzapeza nambala yofanana, yooneka yodalirika, koma yolakwika. Uwu ndi woopsa kwambiri chifukwa sudzionetsa. Umagwidwa pokhapokha poyeza chinthu chodziwika kale kapena poyerekeza ndi chipangizo china.

Chinthu chikachepa kwambiri kuposa mphamvu ya chipangizo, yezani zambiri pamodzi n'kugawa. Pepala limodzi silingayezedwe ndi rula, koma mulu wa mapepala 500 ukakhala mamilimita 50, limodzi ndi mamilimita 0.1. Kachitsulo kolendewera pa chingwe cha mita imodzi kamatenga masekondi pafupifupi 2 kupita ndi kubwerera. Chala cha munthu pa stopwatch chimatha kuphonya ndi masekondi 0.2, omwe ndi 10 peresenti ya nthawiyo. Mukawerenga maulendo 20, masekondi 40, kuphonya komweko kwatsika kufika pa theka la peresenti.

Manambala amene mwalemba amanenanso mmene munayezera. 5 cm, 5.0 cm ndi 5.00 cm si zofanana kwa wasayansi: yomalizayo ikulonjeza kuti munaona mpaka gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Tengani mwala wa magalamu 47, muuponye mu silinda, madzi akwere kuchoka pa mamililita 50 kufika pa 68. Mwalawo ndi makyubiki sentimita 18, ndipo 47 kugawa ndi 18 calculator ikupatsani 2.6111111. Lembani magalamu 2.6 pa kyubiki sentimita. Zoyezedwa zonse ziwiri zinali ndi manambala awiri odalirika, ndipo yankho silingalondole kuposa zimene zalibala. Kudula manambalako muchite kumapeto kokha, osati pakati pa kuwerengetsera.

Samalani kwambiri pochotsera manambala awiri oyandikana. Sikelo yowerenga galamu imodziimodzi ikaonetsa botolo lopanda kanthu magalamu 250 ndipo lokhala ndi mankhwala 252, nambala iliyonse payokha yaphonya ndi zosakwana theka la peresenti. Koma magalamu 2 amene mwapeza atha kukhala pafupi ndi 1 kapena pafupi ndi 3. Pamenepa kubwereza sikuthandiza. Pakufunika sikelo yowerenga magalamu 0.01 ndi chotengera chopepuka.